Chitsime Chopanda Mtanda Wofiira

Pa Kopala ponse, dera la migodi la ku Zambia, panalibe munthu amene akanandigulitsa kanthu pa mtengo woyamba. Ndinkanena zimenezi mokweza, ndipo zinali zoona. Ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, mumsika waukulu wa ku Kitwe, koma luso langa lenileni ndi kunenerera. Mwini mabelo akatchula mtengo ndimayamba ndaseka, kenako ndimayang'ana kudenga ngati ndalandira uthenga wa maliro, kenako ndimatembenuka ngati ndikupita. Ndinali ndisanafikepo pakhomo asanandiitane kuti ndibwerere. Makondakitala a minibasi za ku Chimwemwe, kumene ndimakhala, akandiona ankayamba okha kuchotsera ndisanatsegule pakamwa. Mkazi wanga amati pa tsiku la chiweruzo ndidzaimitsa mzere wonse, ndikupempha kuti andichotsereko pang'ono.

Nzeru yanga inali imodzi yokha: aliyense wotchula nambala amakhala atasiya kale malo otsikira. Boma nalo ndinkaliika m'gulu lomwelo. Likati musachite chakuti, ine ndinkamva kuti chitani theka lake.

Chaka chija cha kolera, mvula itakhazikika, nduna inkaonekera pa TV madzulo aliwonse, kumbuyo kwake kutakhala madokotala a nkhope zotopa. Chilichonse chimene inkanena chinkayamba ndi mawu amodzimodzi: akatswiri atilangiza. Akatswiri atilangiza kuti zakudya zisagulitsidwe m'misewu. Akatswiri atilangiza kuti pamaliro pasaphikidwe. Zonsezi ndinkamvera ndikuchotsera mumtima, mpaka tsiku limene ananena kuti zitsime zonse za m'makomo zikwiriridwe.

Ife tinali nacho chitsime, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Anachikumba ndi malemu bambo anga, amene anachoka ku Malawi ali mnyamata n'kudzagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka mapapo anawathera. Sanachikumbe ngati dzenje wamba. Anachimangira njerwa kuyambira pansi, anaumba chivindikiro cha simenti, n'kuikapo kachitseko kachitsulo. Mipopi ya ku Chimwemwe imatulutsa madzi ikafuna, choncho chitsimecho ndicho chinatilera. Amayi anga, amene ndimakhala nawo pamodzi ndi mkazi wanga, ankachisesera m'mbali m'mawa uliwonse monga mmene anthu amasesera pamanda. Manda enieni a bambo ali kutali, ndipo miyendo ya amayi siifikanso kumeneko.

Atamva chilengezocho sanalankhule ndi TV monga amachitira nthawi zonse. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe umati palibe amene amakugonjetsa pakamwa," anatero. "Tione."

A kanselo anafika mumsewu mwathu patapita masiku angapo. Patsogolo panali mayi wina wa zaumoyo, atavala jombo za mphira, ndipo kumbuyo kwake bambo wonyamula chitini cha penti yofiira. Chitsime chilichonse chimene anachiona ankachilemba mtanda wofiira, kuti lole yobweretsa dothi idzadziwe poima. Pofika kwathu mayiyo anali atatukwanidwa kale m'nyumba zambiri. Ndinaziona pa mapewa ake, ndipo kasitomala wotopa ndimamudziwa kumugwira kwake.

Anapereka moni m'Chibemba, koma atamva amayi akuyankha, anasinthira ku Chinyanja.

"Chitsime chili kuti, abambo?"

"Madamu, muno mulibe chitsime. Muli mgodi waung'ono."

Sanaseke. Ndinamutsogolera kuseri, n'kutsegula kachitseko kaja mwaulemu ngati ndikutsegula belo latsopano.

"Taonani njerwazo. Zina zija mwalemba mitanda ndi maenje a achule. Ichi anakumba ndi munthu amene ankachirikiza denga la mgodi kuti lisagwere anzake. Tsikirani muone nokha, chingwe ndigwira ine."

"Lamulo lati zonse."

"Eya, lamulo limayamba ndi zonse. Nanga liyambe ndi chiyani? Tsono ine ndi inu tikambirane za ichi chimodzi."

"Si msika uno, abambo."

"Paliponse pali anthu awiri ndi msika, madamu."

Tinakokanakokana. Ndinamuonetsa pamene pali chimbudzi, ndikukulitsa masitepe kuti mtunda uoneke wautali. Ndinamuonetsa amayi, amene anali atakhala pa chivindikiro penipeni, manja ali pamiyendo, ngati anabadwira pomwepo. Ndinafunsa ngati penti ingakwanire msewu wonse. Pamapeto pake ndinati, chabwino, lembani, koma muwadzutse nokha agogowo, n'kutembenuka ngati ndikulowa m'nyumba.

"Abambo."

Ndinamwetulira ndisanacheuke.

"Mugule loko. Madzi awa akhale ochapira ndi okolopera basi. Ndikadzamva kuti wina wamwa, ndidzakwirira chitsimechi inu muli momwemo."

Madzulo amenewo ndinafotokoza nkhaniyi kwa aliyense wofuna kumva, ndi kwa osafuna omwe. Ndinali nditanenerera boma.

Lole inabwera, zitsime za mitanda zinakwiriridwa. M'malo mwake anaimika thanki lalikulu pamphambano, ndipo tsiku loyamba galimoto ya madzi inafika ndi anthu ojambula. Inabweranso kangapo. Kenako inayamba kudumphitsa masiku, kenako tinangomva kuti yafa, kenako kuti yadzuka koma ilibe dizilo. Mipopi inali ikungopuma mpweya. Mumsewu monse chitsime chamoyo chinatsala chimodzi.

Woyamba kugogoda pageti anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba, wogulitsa vitumbuwa, amene ntchito yake inali itaima chifukwa cha lamulo lomwelo. Anali ndi ndowa ziwiri, ndipo moni wa m'mawa anaupereka m'Chibemba.

"Mwashibukeni, ba neba. Tipatseniko a m'chitsime chanu cha boma."

"Cha boma bwanji?"

"Nanga si anachipima? Zathu zonse analemba mitanda, chanu anachisiya. Ndiye kuti n'chabwino."

Ndinayamba kufotokoza kuti sizinayende choncho, koma ndikanati chiyani? Kuti chinapulumuka chifukwa cha pakamwa panga? Ndinali nditanena kale zimenezo mumsewu monse, ndipo onse anazitenga ngati nthabwala za wasalaula. Chimene anakhulupirira ndi chimene ankaona ndi maso: panalibe mtanda.

"Awa ndi ochapira okha," ndinatero.

"Ee mukwai, tikachapira," anayankha, akundiyang'ana m'maso mwa njira imene ine ndimayang'anira mwini mabelo.

Kiyi wa loko anali pa ngodya ya chitenje cha amayi. Anamasula mfundo osandifunsa. Anati pakhomo la bambo anga sanamanidwepo munthu madzi, ndipo sizidzayambira pa iwo. Sabata isanathe, mzere wa ndowa ndi zigubu unkatuluka pageti n'kukhotera kumsewu. Aliyense ankati akachapira. Ena ankanena zimenezo atanyamula ketulo.

Mkazi wanga ndiye anaimbira foni achimwene ake. Alamu angawa amakhala ku Kanini, ku Ndola, ndipo ntchito yawo ndi kuyeza madzi mu labu. Ndi munthu wosakonda kuseka, mkulu wa mpingo kwathu ku Chipresibateriya, amene amagula tomato pa mtengo umene wauzidwa. Kwa zaka zambiri ndinkawamvera chisoni pa chifukwa chimenechi. Anabwera Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, anatunga madzi m'kabotolo kawo, anakaika m'bokosi lozizira, anadya, n'kubwerera. Zotsatira zitatuluka anakana kunena pafoni, choncho ndinakwera basi ya ku Ndola.

Ndinawapeza pakhonde atavula nsapato, maso ali ofiira ndi tulo tosakwana.

"Muli zochokera m'chimbudzi," anatero. "Mvula yakweza madzi a pansi, masuweji akusefukira. Njerwa sizisefa zimenezo."

"Koma kolera mulimo?"

"M'botolo limene ndinatenga sitinamupeze."

"Ndiye mulibe."

"Sindinatero."

"Ndiye alimo."

"Sindinateronso. Ndati njira imene angalowere ndi yotseguka. Lero mulibe, mawa wina wodwala akagwiritsa ntchito chimbudzi kumtunda kwanu, msewu wonse umwa."

"Alamu, tiyeni tikumane pakati. Tikathira klorini wambiri?"

"M'chitsime chimene chikulandira zonyansa usana ndi usiku? Mudzathira mpaka liti? Kwirirani."

"Mawu omaliza?"

"Ine ndilibe oyamba ndi omaliza, alamu. Ndili ndi amodzi."

Ndinaseka, ndinayang'ana kudenga. Iwo anangodikira kuti ndimalize. Ndiye ndinawauza nzeru yanga ija, kuti boma likamatchula zinthu limasiya malo otsikira, ndipo ine ndinangotsikira pamene linasiya. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mlongo wawo ndinawaona akuseka, koma kunali kuseka kosasangalatsa.

"Inu mumaganiza kuti chimene mumamva pa wailesi ndi mtengo woyamba?" anatero. "Ine ndimalowako m'misonkhano imeneyo, ndimakhala kumapeto kwa tebulo. Timanena zimene tapeza. Tinati yambani mwabweretsa madzi abwino okwanira, tsegulani masuweji, ndiyeno kwirirani zitsime. Wosunga chuma akuti ndalama ya matanki ilipo yochepa. Wa kanselo akuti magalimoto ambiri ali pamiyala. Wandale akuti msika mukautseka anthu adya chiyani, ndipo sakunama. Aliyense akuchotsera pake. Chimene chimatuluka pakhomo n'chotsala, chadutsa kale m'manja mwa onenerera okuposani inu. Ndiye inu n'kudzachotseraponso."

"Ndiye kuti samakumverani?"

"Amatimvera. Amafunsa mafunso abwino, ena sagonanso ngati ife. Amatenga chimene angathe kunyamula. Kukwirira kunali kotchipa, anayamba ndi kumeneko. Chimene chimandiwawa n'chakuti polengeza amati zonsezo tanena ndi ife, mmene ziliri choncho."

M'basi yobwerera ku Kitwe ndinalipira ndalama imene kondakitala anatchula, koma chimenecho sindichiwerengera. Maganizo anali kwina.

Kunyumba ndinapeza mzere uja uli pomwepo. Mbali imodzi ndinali ndi mawu a alamu, mbali ina amayi atakhala pachitsime cha mwamuna wawo, kutsogoloku anthu a mumsewu mwathu amene analibe kwina kotunga. Ndinaganiza usana wonse, ndipo ndinatenga chimene ndikanatha kunyamula. Ndinagula mabotolo a klorini, ndinaika mpando pageti, n'kuimirira pamaso pa anthu.

"Kuyambira lero ndowa iliyonse ithiridwe mankhwala isanatuluke, ndipo mukafika kunyumba muwiritse," ndinalengeza. "Akatswiri atilangiza."

Mawuwo anatuluka okha. Mkazi wanga, amene ankadziwa chimene achimwene ake ananena, anandiyang'ana kuchokera pakhonde.

"Zikomo, anduna," anatero chapansipansi.

Ulamuliro wanga unayenda monga umayendera wina uliwonse. Anthu ankati mankhwalawo amanunkha, amaononga tiyi, amatupitsa mimba. Ankanenerera madontho. "Theka la kachivindikiro, ba neba, ndowa yanga ndi yaing'ono." Kuwiritsa ankavomera onse, koma makala anali atakwera mtengo ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo. Ine ndikapita kumsika, pampando pankakhala amayi, ndipo iwo ankathira mankhwala kwa okhawo amene sankawakonda.

Kenako mwamuna wa mayi wa vitumbuwa uja anadwala. Anamunyamula pa galimoto ya mnzake, ali wofooka ngati nsanza yonyowa, kupita naye kumatenti kumene ankagonekako odwala kolera. Ndinaimbira alamu.

"N'chitsime changa?"

"Sindinganene. Munthuyo amadya kuti, amamwa kuti?"

"Anapita kumaliro sabata yatha. Amadyanso kubala."

"Ndiye mwina ndi kumeneko. Mwinanso ndi kwanu."

"Alamu, ndiuzeni chimodzi."

"Ndikakuuzani chimodzi ndikhala ndanama."

Ndinadikira kuti anthu abwere ndi miyala. Sanabwere. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analoza chala chitsime chopanda mtanda. M'mawa mwake mayi uja anagogoda pageti, maso atatupa, ali ndi ndowa zake ziwiri. Anati ana akufuna madzi a phala. Ndinamuthirira mankhwala, ndipo iye anandithokoza.

Tsiku limenelo sindinapite kumsika. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala moyang'anana ndi amayi, n'kuwauza zonse zimene alamu ananena, osachotsera.

"Ndiye amene unamugonjetsa ndani?" anafunsa.

"Sindikudziwa, Amayi."

Anasisita simenti ndi chikhato. Anati bambo anga anakumba chitsimecho nthawi ya tchuthi chawo, atakana kupita kumudzi, ndipo dothi ankatulutsa ndi iwo amayiwo, ali ndi pakati pa ine. Ndinali ndisanamvepo zimenezo.

"Ukwirira," anatero. "Koma mvera mtengo wanga. Tsiku lililonse pakhomo pano pakhale madzi abwino m'zigubu, a m'nyumba muno ndi a aliyense wogogoda pageti. Kumene ukawapeze n'kwako. Kachitseko kachitsulo undisiyire. Ndipo ukwirire Lachinayi, ine ndili ku Mvano ndi amayi anzanga, ndisaone."

"Amayi, a m'nyumba muno ndavomera. Koma a msewu wonse? Titi nyumba ziwiri zoyandikanazi."

"Aliyense wogogoda."

Ndinaseka. Ndinayang'ana kumwamba. Ndinadzuka, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhonde, makutu ali kumbuyo. Ndinafika pakhomo. Ndinalowa. Ndinaima m'khitchini kwa kanthawi, mkazi wanga akundiyang'ana. Amayi sanandiitane. Apa m'pamene ndinakumbukira kumene ndinatengera luso langa. Ndinatuluka n'kukavomera.

Kukanselo ndinamupeza mayi wa zaumoyo uja atakhala pa benchi panja pa ofesi, akudya chimanga chootcha, jombo zili pambali. Anandizindikira.

"A mgodi waung'ono. Mwabwera kudzandichotsera chiyani lero?"

"Ndabwera kudzapempha mtanda, madamu. Bwerani mudzalembe, lole ibwere."

Anasiya kutafuna.

"Lole inapita ku komboni ina, kumene zinthu zavuta kuposa kwanu. Sibwereranso chaka chino. Tsiku lija dothi linali laulere, abambo. Nkhani yanu kwa ife inatha. Munapambana."

Sananene monyoza. Anandinyemerako chimanga.

Ndinapita kumene amaima malole a mchenga. Woyendetsa tipa woyamba amene ndinamupeza ankandidziwa kumsika, ndipo atandiona anakonzekera nkhondo. Anatchula mtengo wa dothi ndi miyala wokwera dala, mtengo wamwano, woti tiyambirepo kukangana. Ndinafunsa ngati angafike Lachinayi m'mawa. Anati angafike. Ndinapisa m'thumba n'kumupatsa. Anawerenga, anandiyang'ana, n'kufunsa ngati kunyumba kuli maliro.

Linali Lachinayi la mitambo. Tipa inalephera kulowa pageti, inakhuthulira pamsewu, ndipo tinatuta ndi wilibala ine ndi amuna awiri aganyu. Dothi loyamba litagwa pansi, madzi analira kamodzi, kenako phokoso linayamba kuuma. Anthu anaima kumpanda ndi ndowa zopanda kanthu, akuonerera. Amayi atabwera anapeza pasalazidwa. Sanapite kuseri. Anatenga kachitseko kaja n'kukaika pansi pa bedi lawo, ndipo kali pomwepo mpaka lero.

Mwamuna wa mayi wa vitumbuwa anachira, anabwerera atawonda, ndipo amati chinamudwalitsa ndi nyama ya kumaliro. Mwina akunena zoona. Mumsewu mwathu simunadwalenso wina, koma mvula nayo inali ikutha, ndipo alamu amati ngakhale pamenepo sanganene. Mliri utadutsa nduna inaonekeranso pa TV, madokotala ali kumbuyo, n'kunena kuti tapambana chifukwa tinatsatira malangizo a akatswiri. Alamu amapitabe kumisonkhano yawo, amakhalabe kumapeto kwa tebulo. Masuweji a kwathu amasefukirabe mvula ikagwa.

Mumsewu mbiri yanga ndi yakuti ndinakwirira chitsime chabwino, chovomerezeka ndi boma, chifukwa cha umbombo. Amanena zimenezi anthu omwewo amene amagogoda pageti mipopi ikauma, ndipo amayi amawatsegulira zigubu zimene ndimakagula kutali ndi wilibala ndisanapite kumsika. Msana unayamba kundipweteka. Kumsikako ndimanenererabe, n'chimene ndimadyera, koma masiku ano ndikatembenuka ngati ndikupita sindiyenda mofulumira ngati kale.

Pamalo pa chitsime pamera udzu wobiriwira kuposa pena paliponse pabwalo. Amayi amasesa mozungulira, m'mawa uliwonse.

Mayi wa jombo uja anati ndinapambana. Nduna inati boma linapambana. Alamu, amene ananena zoona kuyambira pachiyambi, sindinawamvepo akunena kuti anapambana kalikonse. Inu amene mwamva nkhani yonse, popanda kukuchotserani, mukuti anapambana ndani?